Ntchito imene ndinaisankha ndili kale m'kati mwake



Tsiku la aphunzitsi, 12 de Outubro, layandikira. Kusukulu kwathu kapulana tagula kale, atelala atiyeza, ndipo amene sanamalize kusonkha ya mbuzi akuzemba msungichuma ngati ali ndi ngongole ya katapila. Tsikulo tidzaguba, tidzaika maluwa, akuluakulu adzanena kuti uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, ife n'kuomba m'manja. Zimatero chaka ndi chaka, pokumbukira tsiku limene bungwe la aphunzitsi la ONP linakhazikitsidwa mu 1981. Koma ine lero ndikufuna kuulula chinthu chimene sichinenedwa pa mwambo wotere. Uphunzitsi sindinaulowe chifukwa choukonda. Ndipo ndikudziwa kuti pakati pa ife amene tidzavale kapulana imodzi tsikulo, ambiri tinalowera khomo lomwelo, kungoti sitinena.

Nditamaliza 10ª classe, pakhomo panalibe ndalama yoti ndipitirize sukulu. Bambo anga ndi mlimi wa chimanga ndi kachewere kuno ku Angónia, ndipo kumbuyo kwanga kunali ang'onoang'ono anayi. Masiku amenewo kunali maphunziro a uphunzitsi a 10ª+1: chaka chimodzi chokha, kenako ntchito ndi malipiro a pamwezi. Ndinganame nditati ndinkalota ana akuwerenga. Ine chimene ndinkaona ndi tsiku lolandira basi.

Ananditumiza kusukulu yakutali ndi msewu wa phula, kumene chapa imafika mvula ikalola. Zaka zomwezo ku Moatize kunali kutatentha. Vale inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, mzinda wa Tete unadzaza magalimoto a makampani, lendi ya nyumba inakwera, ndipo anzanga awiri amene ndinkawaposa masamu m'kalasi anabwera kumudzi pa Khirisimasi atavala majombo a kumgodi, m'manja ali ndi mafoni amene ine ndinali ndisanagwirepo. Munthu akandifunsa kumene ndimagwira, ndinkayankha kuti, "Ndikungogwirizira uphunzitsi." Mawu amenewa, anzanga, mukuwadziwa. M'chikwama changa simunkasowa envelopu ya makalata ofunsira ntchito kwina.

Ndinagwirizira zaka zinayi. Munthu wogwirizira amaphunzitsa ngati ali pamsewu kudikira chapa: thupi lili m'kalasi, maso ali kunja. Ndinkalemba phunziro pabolodi, ana n'kumakopera, ine n'kukaima pakhomo kuyang'ana pamene dzuwa lafika. Plano de aula yanga inali yolembedwa mwaukhondo, poti ndi imene akuluakulu amaona akabwera. Ana akalephera, zifukwa ndinali nazo zodzaza dengu: makolo sasamala, ana amabwera ndi njala, mabuku afika mochedwa, turma ndi yaikulu. Zonsezi zinali zoona. Koma zinalinso tchire langa lobisalamo.

Chimene chinandichotsa m'tchiremo si semina kapena buku ayi. Inali limu ya njinga.

Tsiku lina Loweruka ndinanyamula thumba la chimanga pakaliyala, ndinagwera m'dzenje, limu yakumbuyo n'kupindika. Nditafika ku Ulongwe ndinaikankhira kwa anyamata okonza njinga pafupi ndi msika. Amene anandilandira ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa 7ª classe chaka changa choyamba, wamkulu kale msinkhu kuposa anzake, wokhala kumbuyo, wosayankha mafunso. Ndinakumbukiranso zimene ndinamuuza tsiku lina pamaso pa kalasi yonse atalephera mayeso: "Iwe sukulu si yako. Bola ukagwire khasu." Anzake anaseka. Chaka chotsatira sanapitirize.

Iye sanaonetse kuti akukumbukira. Anati, "Aphunzitsi, khalani apa," n'kundipatsa kampando. Anatembenuza njinga, chishalo pansi, n'kuzunguza gudumu. Kenako anatulutsa kachidutswa ka choko m'thumba, n'kukagwira pafupi ndi limu uku gudumu likuzungulira. Pamene limu yakhotera, choko chinkasiya chizindikiro. Akaimitsa gudumu, ankapita pa chizindikirocho, n'kumasulako pang'ono sipoko ya mbali imene limu yapendekera, n'kumangitsa ya mbali inayo. Osati kwambiri, mwina kotala chabe ya kuzungulira kwa kasipanala. Azunguzenso, afufute choko chakale, aikenso china. Nthawi zina ankakhwekhweza masipoko ndi chala n'kutchera khutu, poti sipoko yolimba ndi yokhwepa siilira mofanana.

Patapita nthawi ndinaona kuti gudumu lawongoka mokwanira, ndiponso ndinali ndi ulendo. Ndinati, "Basi iwe, zakwana, iyenda imeneyo." Iye sanakweze ngakhale mutu. Anati, "Dikirani pang'ono, aphunzitsi. Ikachoka pano ikugwedera, anthu akafunsa kuti wakonza ndani." Anapitiriza mpaka choko chinasiya kukhudza paliponse. Mtengo tinali titagwirizana kale, ndipo mphindi zowonjezerazo sizinamuwonjezere ngakhale metical imodzi. Ine mwini njinga ndinali nditakhutira kale. Amene anali asanakhutire anali iye.

Polipira ndinadzimva ndikunena kuti, "Zikomo amisiri." Pakamwa panakana kunenanso kuti iwe.

Ndikubwerera kunyumba ndinawerenga m'mutu ana amene anachoka m'manja mwanga zaka zinayi zija akugwedera, ena osatha kulemba ndi dzina lawo lomwe, ine osafunsa n'komwe kuti anthu adzati wawaphunzitsa ndani. Tonse awiri tinkagwira choko. Wina ankachigwiritsa ntchito pofufuza pamene palakwika, wina podzaza bolodi kuti nthawi ithe.

Kuchokera tsiku limenelo maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa atsutse. Kunyadira ntchito sikuchokera ku dzina la ntchitoyo, kapena ku bata yoyera, kapena ku zimene anthu amanena ukamadutsa. Kumachokera pa kuidziwa ntchito mpaka kufika poti umaona cholakwika chimene mwini katundu sakuchiona, ndipo mtima sukulola kuchisiya. Munthu amene sanafike pamenepo, ngakhale ntchito yake itakhala ya mu ofesi yozizira, amakhala ngati mlendo pa ntchito yake yomwe. Ndipo kukhutira kumene ambiri timakufuna, kumabwera pambuyo pa luso, osati patsogolo pake. Ine ndinkadikira kuti ndiyambe ndaukonda uphunzitsi kenako ndiugwire bwino. Zinayenda chambuyo: ndinayamba kuugwira bwino, chikondi chinabwera chokha pang'onopang'ono, ngati galu wa eni ake amene wazolowera pakhomo pako.

Chaka chotsatira ndinapempha kuti andipatse kalasi yoyamba. Anzanga aamuna anandiseka, poti ambiri aife timaithawa kalasi imeneyi. Amati ndi ya mamina ndi kulira. N'zoona, mamina alipo. Koma ndi m'menemo mmene ndinazindikira kuti kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi umisiri weniweni, wokhala ndi timasipoko take.

Tengani chitsanzo cha mawu awa: pala ndi phala, kama ndi khama. Kwa ife akuluakulu kusiyana kwake n'koonekeratu. Mwana wa zaka 6 amawatchula bwinobwino polankhula, sangapemphe pala pamene akufuna phala, koma sadziwa kuti pakamwa pake pakuchitika chiyani. Ndiye ndimapatsa mwana aliyense kapepala kuti akagwire patsogolo pa milomo. Akati pala, kapepala kali phee. Akati phala, kapepala kagwedezeka. Pamenepo h uja wasiya kukhala chilembo chongoloweza, wasanduka mpweya umene mwana wauona ndi maso ake. Chimodzimodzi ngolo ndi ng'ombe: kachizindikiro kakang'ono kaja kamasintha liwu lonse, ndipo mwana akakazindikira amayamba kukasakasaka m'buku monse ngati akutola ngumbi.

Pali ana amene amasokoneza b ndi d, ena p ndi q. Kale ndinkangodula ndi cholembera chofiira. Lero ndikudziwa kuti mwana wotero si wopusa. Moyo wake wonse waphunzira kuti kapu ndi kapu basi, chogwirira chiloze kumanja kapena kumanzere, ndiye lero tikumuuza kuti kamimba kakaloza uku ndi chilembo china, kakaloza uko ndi chinanso. Amafunika kuchilemba pamchenga ndi chala, kuchiumba ndi dothi, kuchiyenda ndi mapazi pabwalo. Pali mwana amene amaoneka ngati akuwerenga bwino pamene waloweza tsamba lonse ndi khutu. Mubisireni chithunzi, muloze liwu lapakati, mudzaona. Palinso wina amene timamutcha wamwano chifukwa sayankha, chonsecho samva bwino khutu limodzi, ndipo mankhwala ake ndi kungomusuntha malo. Ndili ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo zimene ndinalembapo ma, me, mi, mo, mu ndi anzake, ana amazisanja pansi kupanga mawu. Sindinagule kanthu. Zinthu zimenezi palibe amene amabwera kudzaziona, ndipo pa pepala la malipiro sizilembedwa.

Tsiku lina mayi wina anafika pasukulu mwana ali kumsana. Mtima unagunda, poti kholo likabwera m'mawa kawirikawiri pali mlandu. Anati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzakuuzani kuti mwana wanu uja dzulo wandiwerengera uthenga wa pafoni umene atate ake atumiza kuchokera ku Joni. Kale ndinkapita nawo kwa aneba, nkhani za m'nyumba mwanga zinkadziwika mudzi wonse." Ananena kuti mwana wanu. Anasiya mbatata zingapo m'kansalu n'kumapita. Mwana ameneyo anandivuta miyezi 5, ndipo ndikudziwa tsiku lenileni limene zilembo zinagwirana m'mutu mwake, chifukwa ndinaona nkhope yake ikusintha. Chimwemwe cha mtundu umenewu sindingachifotokozere munthu wa kunja kwa ntchitoyi, monganso bambo anga sangathe kundifotokozera chimene amamva akafukula phando loyamba la kachewere n'kupeza kuti chiwawu sichinafike.

Ena adzati, "Koma inu munachita mwayi, ntchito imene munagweramo inakuyanjani. Munthu ayenera kugwira ntchito imene anaisankha yekha." Ndi mawu abwino, koma tiyeni tione dziko lathu mmene lilili. Ndi angati kuno ku Tsangano, ku Macanga, ku Chifunde kapena kwa abale athu ku Lago amene anayalidwira ntchito khumi patsogolo kuti asankhepo? Ambiri timalowa pa khomo limene latseguka.

Mbiri yathu ili ndi chitsanzo chachikulu. Pamene tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo Apwitikizi ambiri amene ankagwira ntchito za m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi anachoka. Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaitana achinyamata a m'makalasi apamwamba a sekondale kuti asiye kaye maphunziro awo akatseke mipata imeneyo. Ambiri anatumizidwa ku uphunzitsi, ena ku usilikali ndi ntchito zina za boma. Ndi amene timawatcha Geração 8 de Março. Ena mwa iwo ankafuna udokotala, ena uinjiniya, ndipo sanafunsidwe. Sindikuyamikira kukakamiza, ndipo amene anatsala ndi chilonda mumtima chifukwa cha maloto awo ali ndi chifukwa chomveka. Ena anachoka mpata utapezeka. Koma ena anakhala, n'kukhala aphunzitsi oopsa amene mpaka lero ophunzira awo, ena a imvi kale, amawavulira chipewa.

Kenako kunabwera nkhondo ya zaka 16. Masukulu ambiri akumidzi anatenthedwa kapena kutsekedwa, ndipo kukhala mphunzitsi kunali kuika moyo pachiswe. Kuno kwathu midzi yathunthu inathawira ku Malawi, ku Dedza, ku Ntcheu ndi kwina, kumene othawa nkhondo a ku Moçambique anafika pafupifupi 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera n'kupeza zipupa zokhazokha. Aphunzitsi anga oyamba anali a gulu limene linatsegulanso sukulu pansi pa mtengo, bolodi lake chitseko chakale chopaka makala. Munthu amene waona zonsezo n'kubwereranso kudzagwira choko, ameneyo wasankha, ngakhale poyamba anachita kutumidwa. Kusankha ntchito si tsiku limodzi lolemba dzina pa fomu. Ine ndinalemba dzina ndili ndi zaka 18, koma ndinasankha uphunzitsi ndili pa njinga, kuchokera kumsika wa Ulongwe, patapita zaka.

Tsopano ndifike pamene ndikudziwa kuti anzanga ambiri akundidikira. Mukuti, "Kunyada kumeneko tidya? Kugolosale amalandira kunyada?" Simukunama. Inenso ndagwirapo horas extras n'kudikira ndalama yake mpaka kuiwala kuti inali ingati. Ndikudziwa mmene zimakhalira banki ikadula ngongole yake malipiro asanafike m'manja, zotsalazo n'kutha sabata yachiwiri. Ndikudziwa anzanga amene akaweruka amakwera njinga yamoto kukanyamula anthu, ena ali ndi kabenchi ka tomato, ena amalima fodya kuti ana awo apite kusekondale. Ndipo pali mawu amene ndimadana nawo kwambiri, amene amakonda kunenedwa pa 12 de Outubro pomwepo, akuti mphunzitsi ndi kandulo imene imadzinyeketsa kuti iunikire ena. Onena mawu amenewa kawirikawiri si makandulo iwowo. Ine sindine kandulo. Ndine wantchito, ndili ndi ana ofuna nsapato.

Amisiri aja sanandikonzere njinga ulere. Anawongola limu mpaka pamapeto, kenako anatambasula dzanja, ndipo ndikanati ndichotseko akanakana. Zinthu ziwirizi sizilimbana. Munthu amene amalemekeza ntchito yake ndi amene amadziwa mtengo wake, ndipo ndi amene ali ndi nkhope yofunsira malipiro ake mosagwetsa maso. Choncho aliyense amene akufuna kugwiritsa ntchito mawu akuti kukonda ntchito pofuna kutitseka pakamwa, ameneyo tisamumvere. Tifunse zathu, mokweza, pamodzi.

Koma pali chinthu chimene sindingachivomereze, ndipo pano ena mundida. Ngongole yathu ili kwa akuluakulu, si kwa mwana wa zaka 7. Pamene tikuti "amandilipira pang'ono, ndiye ndigwira pang'ono," amene akulandira chilangocho si amene anachedwetsa ndalama. Ana a amenewo saphunzira pansi pa mtengo. Akulangidwa ndi mwana wa mayi uja wa uthenga wa pafoni. Ndipo pamene mphunzitsi wayamba kugulitsa manotas, kulandira nkhuku kuti mwana akhoze, kapena choipitsitsa, kuitanira mwana wamkazi kunyumba, pamenepo si umphawinso ayi. Ameneyo watulutsa limu yopindika dala, n'kulandira ndalama kawiri. Zoterezi ndi zimene zimachititsa kuti tikanena kuti ndife aphunzitsi anthu ena azimwetulira cha m'mbali, ndipo manyazi ake amagwera tonse, ndi osalakwa omwe.

Ngati ntchitoyi wayesetsa ndithu koma mtima ukukana, kuchoka si tchimo. Mnzanga wina amene tinayamba limodzi anasiya, anatenga ngongole n'kugula chigayo. Lero ukamupeza ali mbuu ndi ufa, akumvetsera kulira kwa injini ngati mmene namwino amamvetsera chifuwa cha mwana, ndipo amadziwa sefa yoyenera mgaiwa ndi yoyenera ufa woyera popanda kufunsa. Nkhope yake inamasuka. Ameneyo ndimamulemekeza kuposa munthu amene adzagwirizire zaka 30 mpaka kupuma, ana mazanamazana atadutsa m'manja mwake iye maso ali kumsewu.

Ndibwerere ku mawu amene ndinamuuza mnyamata uja, akuti bola ukagwire khasu, chifukwa mpaka lero amandiluma. Sindinawapeke ndine. Inenso ndinauzidwa, ndipo ndikudziwa kuti sabata ino anenedwa m'makalasi ambiri. Mwana akachedwa timamupatsa khasu akalime kuseri kwa kalasi. Akalephera timati udzathera kumunda. Tikafuna kumuopseza timamulozera wokhoma zidebe kapena wosoka nsapato. Ndiye tikudabwa chiyani ana athu akamachita manyazi ndi ntchito za manja?

Manyazi amenewa ali ndi kumene anachokera. Nthawi ya atsamunda kunali chibalo. Mwamuna amene sanali assimilado ankayenera kuonetsa kuti wagwira ntchito yolembedwa miyezi 6 pa chaka, ndipo kulima munda wake yekha kawirikawiri sikunkawerengedwa ngati ntchito. Akapanda kuonetsa, ankagwidwa kupita kumisewu kapena kuminda ya makampani. M'madera ena anthu ankakakamizidwa kulima thonje, ndipo wolephera ankalawa mbalamatodya m'manja. Ambiri anathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia chifukwa cha zimenezi. Malamulowa anathetsedwa pa pepala mu 1961, koma phunziro lake linatsala m'mitu: khasu ndi la munthu wogonja, cholembera ndi cha munthu amene wapulumuka. Agogo athu akamati phunzira kuti usadzagwire khasu, ankanena za khasu la chibalo, ndipo ankanena zoona. Ife tikubwereza mawu omwewo kwa mwana amene khasu la bambo ake ndi limene lamugulira yunifolomu.

Taganizani mwana ameneyo. M'mawa wadya phala la chimanga cha m'munda mwawo. Kope limene lili m'manja mwake lagulidwa ndi ndalama ya soya. Afika m'kalasi, munthu amene amamukhulupirira kuposa wina aliyense akumuuza kuti ulimi ndi malo a olephera. Madzulo akawayang'ana bwanji atate ake? Chonsecho kachewere wa ku Angónia ndi Tsangano amadzaza malole opita ku Tete, ku Beira ndi kwina, ndipo pa Ulongwe pomwepa UniZambeze ili ndi sukulu ya ukachenjede ya zaulimi, kumene anthu amakhala zaka akuphunzira chinthu chimene ife timachipereka ngati chilango cha kuchedwa. Bambo anga sanafike 4ª classe, koma amadziwa kusankha mbewu, amadziwa munda umene wapuma mokwanira, amaona tsamba limodzi n'kudziwa kuti mawa ayenera kupopera. Tsiku limene ndinanyoza khasu pamaso pa ana, ndinanyoza munthu amene anagulitsa matumba ake kuti ine ndikavale bata.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mwana wa mlimi akhale mlimi, wa msodzi akhale msodzi. Ndikufuna ana a m'kalasi mwanga adzakhale madokotala, oyendetsa makina ku Cahora Bassa, oweruza milandu, chilichonse chimene mutu wawo ungafikire, ndipo mnyamata uja akanapitiriza sukulu mwina lero bwenzi akukonza zazikulu kuposa njinga. Mwayi umenewo ndinathandiza nawo kumulanda, ndipo luso lake la lero silifufuta mlandu wangawo. Chimene ndikukana ndi kuphunzitsa mwana kuti ulemu uli mu dzina la ntchito. Mwana woleredwa motero, akadzapeza ntchito ya mu ofesi adzanyoza anthu amene akuwatumikira, ndipo akadzaisowa adzakhala pa bawo tsiku lonse ndi satifiketi m'thumba, kukana kugwira chilichonse chodetsa manja. Onse awiriwa tikuwaona m'matauni mwathu.

M'kalasi mwanga ndinasintha zinthu ziwiri zazing'ono. Khasu sindiperekanso ngati chilango. Kudimba la sukulu timapita tonse, ine patsogolo, ndipo amene walima mzere wowongoka timamuombera m'manja monga amene wakhoza masamu. Chachiwiri ndi funso. Kale ndinkafunsa kuti, "Ukadzakula udzakhala ndani?" ndipo ana 60 ankanditchulira ntchito zitatu zomwezo zimene anamva kwa anzawo. Lero ndimayamba ndi lina: "Amayi ako kapena atate ako amadziwa kuchita chiyani chimene ine sindidziwa?" Poyamba amakhala chete, poganiza kuti ndi msampha. Kenako mmodzi amati amayi amaumba mbiya. Ndimafunsa kuti dothi lake amalitenga kuti, amadziwa bwanji kuti lapsa, n'chifukwa chiyani ina imasweka pamoto. Mwana amene sanayankhulepo chaka chonse amalankhula mphindi zisanu osapuma. Wina amati atate amaluka nkhokwe, wina amati agogo amadziwa kuthena ng'ombe ndi kuziphunzitsa goli. Mawu amenewo timawalemba pabolodi, ndipo ndi amene timaphunzirira kuwerenga sabata imeneyo.

Mwezi wa Juni ndinaitana amisiri aja kuti abwere ndi gudumu kusukulu. Panopa ali ndi kashedi kawo ka malata ndi anyamata awiri amene akuwaphunzitsa. Anakana kawiri, akuti alankhula chiyani pamaso pa ana a sukulu iwo osamaliza. Ulendo wachitatu anabwera atavala malaya oyera. Ndinawalandira pakhomo, ndinauza ana kuti aimirire apereke moni kwa aphunzitsi a lero, ndipo ndinawapatsa choko cha m'bokosi langa. Tisanalowe ndinawapepesa chifukwa cha mawu aja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ndimakumbukira, aphunzitsi." Sanawonjezere kanthu, ndipo sindinawafunse zambiri.

Pa 12 de Outubro ndidzavala kapulana yanga, ndidzaguba, ndipo akadzafika pa mawu a kandulo aja manja anga adzakhala m'thumba. Lolemba lake tibwerera m'kalasi. Chaka chatsala pang'ono kutha, ndipo mwa ana anga 63, asanu ndi awiri sanayambebe kulumikiza zilembo. Mmodzi ndikumuganizira kuti saona bwino pabolodi, ndiye ndawaitana amayi ake Lachitatu. Wina amadziwa ma, amadziwa la, koma ukamuikira pamodzi amangokuyang'ana; ameneyo ndimuyesa ndi zitsekerero za mabotolo nthawi yopuma, anzake akatuluka.